Mitu Yakwana, Nanga Denga Lili Kuti?

Mutu umodzi susenza denga. Mwambi uwu walowa kwambiri m'maofesi mwakuti msonkhano wa ogwira ntchito sutha bwana asanautchule, makamaka misonkhano ija imachitikira kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, kumene akalaliki ndi mabwana awo amavala malaya ofanana, kukokana chingwe pamchenga, kuthamanga miyendo ili m'matumba, madzulo n'kuwotcha nyama. Amati imeneyo ndi team building, kumanga gulu kuti anthu azigwira ntchito mogwirizana. Cholinga chake n'chabwino ndipo munthu wanzeru sangachinyoze. Koma otchula mwambiwu kawirikawiri amamva theka lake lokha. Amamva za mitu, n'kuyamba kusonkhanitsa mitu, za denga osafunsa. Akuluakulu ponena mawuwa ankaona chinthu chenicheni: denga la nkhokwe lomangira pansi, phaso ndi nsungwi zolukidwa ndi luzi, lolemera ndi lotambalala mwakuti ngakhale chiphona sichingalikweze chokha. Likatha, mwini wake amaitana anzake, amalowa pansi pake mozungulira, mmodzi amafuula, onse n'kudzuka nthawi imodzi. Wina akachedwa denga limapendekeka, wina akafulumira limapendekekanso, ndipo likagwa limagwera onse. Anthu amenewa sanabwere chifukwa chokondana. Awiri mwa iwo mwina ali ndi mlandu wa malire a munda kwa amfumu. Agwirizana chifukwa katunduyo sapereka njira ina, komanso chifukwa aliyense akudziwa kuti chaka chamawa nkhokwe yofuna denga idzakhala yake. Ndikuona kuti gulu limamangidwa ndi ntchito yolemera imene anthu akuidziwa kuti ndi yawo, ndiponso ndi chilungamo pogawana zotuluka mu ntchitoyo. Masewera ndi maphwando amakometsa gulu lomwe lilipo kale, koma pomwe palibe gulu sabereka kanthu.

Wofuna kuona zimenezi ndi maso ake akaime pa Biriwiri, pamsewu wa M1, kumpoto pang'ono kwa boma la Ntcheu. M'chigawo chimenechi mpaka kukafika ku Lizulu msewu umayenda m'malire enieni, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique, potsata mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 osafunsako Angoni ndi Achewa a m'mapirimo. Derali ndi lozizira, nthaka yake imakonda mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato, ndipo ndiwo zochuluka zimene zimadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimakwera galimoto m'mbali mwa msewu womwewu. Taonani anyamata opakira matumba. Thumba la kachewere la kumeneko, lodzaza mpaka kulisokerera lina pamwamba, si la munthu mmodzi. Awiri amaligwira m'makona n'kulikweza paphewa pa wachitatu, uyo n'kupita nalo palole, pamwamba pali wina wolandira amene amadziwa kusanja kuti katundu asakagwe pokhota m'mapiri a Dedza kapena potsetsereka kulowera ku Balaka. Palibe anawatengerapo kunyanja anyamata amenewa, palibe anawalembera pabolodi kuti gulu labwino limatere. Koma wina akaterereka, mnzake amalowa pansi pa thumba asanaitanidwe, poti msana wothyoka lero ndi wa uyu, mawa ndi wake. Lole ikadzaza, ndalama amawerengera poyera n'kugawana pomwepo. Wozemba thumba lolemera amadziwika tsiku lomwelo, ndipo lole ina ikafika saitanidwa.

Nzeru imeneyi anyamatawa sanaitole pamsewu. Makolo athu anali ndi dima. Munthu akaona kuti munda wamukulira, udzu wamupitirira, ankafulula mowa kapena kuphika thobwa n'kumema anzake kuti tsiku lakuti tikakumane kumunda ndi makasu. Ankayamba m'mamawa atandanda mzere umodzi, aliyense ndi ndime yake, nyimbo ikuyendetsa makasu kuti agwere pamodzi. Kumathero kwa munda kunkaoneka kwa onse, wotsalira ankaoneka kwa onse, ndipo mowa unkatuluka ntchito itaoneka. Mwini munda yemwe lero akutunga mowa ankadziwa kuti sabata yamawa adzakhala pamzere m'munda wa wina, khasu m'manja, wopanda ulemu wapadera. Dima lachepa masiku ano, ganyu wa ndalama walilowa m'malo, koma pamaliro mwambowu ukadali wamoyo. Adzukulu amakumba manda mosinthana makasu, amayi amagawana zotunga madzi, zosinja ndi zophika, ndipo munthu wothawathawa kumanda amadzaona yekha tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pake: adzukulu amakhala pansi, makasu ali pambali, mpaka atapepesa ndi kulipira. Ena amati ndi nkhanza kuchitira zotere munthu wolira. Mwina ndi nkhanzadi, koma n'zimene zachititsa kuti m'mudzi wopanda kalaliki, wopanda malipiro, wopanda kaundula wa obwera ndi ojomba, maliro asagone chifukwa chosowa okumba.

Eni mafakitale a kunja anazindikira zimenezi mochedwa, ndipo anazizindikira mwangozi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chiphunzitso chotchuka chinali cha Frederick Taylor wa ku America, yemwe ankaima ndi wotchi pambali pa wantchito kuwerenga nthawi ya ntchito iliyonse, pokhulupirira kuti munthu amayendetsedwa ndi malipiro ake okha ndipo anzake amangomusokoneza. Kenako, kuyambira 1924 mpaka 1932, kampani ya Western Electric inachita kafukufuku pafakitale yake ya Hawthorne pafupi ndi Chicago. Poyamba ankafuna kudziwa ngati kuwonjezera magetsi owala kungachulukitse ntchito. Ntchito inachuluka, koma atachepetsa kuwalako ntchito sinagwe monga ankayembekezera. Elton Mayo wa ku Harvard ndi anzake anamasulira kuti chimene chinkasintha anthu chinali kufunsidwa maganizo, kuonedwa ngati anthu, ndi ubale wa m'kagulu kawo. Akatswiri a pambuyo pake atsutsa zambiri m'kafukufuku ameneyu, ndipo ndi bwino kusamutenga ngati uthenga wa m'buku lopatulika. Umboni wolimba kuposa pamenepo unachokera m'migodi ya malasha ya ku England. Mu 1951 Eric Trist ndi Ken Bamforth, yemwe anagwirapo yekha ntchito ya mumgodi, analemba za zimene zinachitika makina atsopano atabwera. Kale okumba malasha ankagwira m'timagulu ta anthu ochepa osankhana okha, ogwira ntchito yonse kuyambira kuswa mpaka kupakira, olandira malipiro amodzi n'kugawana. Makina atabwera, timagulu tija tinaphwasulidwa, anthu anaikidwa m'mashifiti akuluakulu, aliyense ndi kantchito kake kamodzi. Kujomba kunachuluka, shifiti iyi inayamba kuloza chala shifiti inayo, ndipo malasha sanatuluke monga mwa mphamvu ya makinawo. Agogo athu amene anapita ku Wenela sakanadabwa nazo. Pansi pa nthaka munthu amafuna kudziwa amene ali pambali pake.

Tiyenera kuona bwino chimene anthu awa anapeza. Sanapeze njira yopangira gulu. Anapeza kuti gulu limakhalapo kale paliponse pamene anthu akusenza katundu mmodzi, ndi kuti bwana wosazindikira angaliphwanye ndi dongosolo lake. Koma phunziro likafika pamsika limasintha maonekedwe. Mu 1941 Kurt Hahn ndi Lawrence Holt anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Wales yophunzitsa achinyamata, ambiri a iwo amalinyero, kupirira ndi kudalirana pamadzi m'nthawi ya nkhondo. Mu 1947 anzake a Kurt Lewin anayambitsa ku Bethel, m'chigawo cha Maine, maphunziro osonkhanitsa anthu kwa masiku angapo kuti aone m'mene amachitirana ali pagulu. Mu 1965 Bruce Tuckman analemba kuti gulu limadutsa m'magawo anayi: kukumana, kukangana, kupangana malamulo, kenako kugwira ntchito. Kuchokera m'mitsinje imeneyi munatuluka malonda aakulu a alangizi ndi mahotela, ndipo anafika kwathu kuno kudzera m'mabungwe othandiza, m'mabanki ndi m'makampani a mafoni. Panjira panatayika zinthu. Amalinyero a ku Wales ankaphunzira pamadzi chifukwa ntchito yawo inali ya pamadzi. Kalaliki wa maakaunti kukoka chingwe ku Salima sakuyeseza chilichonse chimene adzachite Lolemba. Ndipo gawo lachiwiri la Tuckman, kukangana kuja, ndi limene ulendo wa kunyanja umalithawa mwadala, poti ndani angadzutse nkhani ya kukwezedwa pantchito mokondera nyama ili pamoto?

Pali kafukufuku mmodzi amene aliyense wokonza maulendo otere anayenera kumudziwa. Mu 1954 Muzafer Sherif anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kupita nawo kunkhalango ya Robbers Cave ku Oklahoma, n'kuwagawa m'magulu awiri. Atawapikisanitsa pa masewera, kuphatikizapo kukokana chingwe kumene, udani unabuka: anawotcherana mbendera, anathyolerana nyumba zogona. Pofuna kuwayanjanitsa, ofufuzawo anawasonkhanitsa kuti adye pamodzi ndi kuonera kanema pamodzi. Anyamatawo anagendana ndi chakudya. Zinthu zinasintha pamene madzi a pamsasa anasiya kutuluka ndipo onse anayenera kufufuza vuto, komanso pamene galimoto yokatenga chakudya inakana kulira ndipo anaikoka onse ndi chingwe chomwe chija ankapikisanirana. Pobwerera kwawo anapempha okha kukwera basi imodzi. Inde, anali ana, ndipo mavutowo anachita kuwakonzera ofufuza. Komabe chingwe chinali chimodzimodzi, manja anali omwewo. Chinasiyana ndi chimene chinamangidwa kumapeto kwa chingwecho.

Phindu la gulu lenileni ndi lalikulu, ndipo silili pa kumwetulirana. Lili pa kulankhula. Amy Edmondson, pofufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anaona kuti sankalakwa kuposa anzawo; ankaulula, pamene magulu oopa bwana ankabisa. Kampani ya Google itafufuza magulu ake 180 kuyambira mu 2012 inafika pa mfundo yomweyo, yakuti chosiyanitsa chachikulu ndi ngati munthu angathe kufunsa, kutsutsa kapena kuvomera kulakwa osaopa kunyozedwa. Kwa ife nkhani imeneyi ndi yolemera, chifukwa ulemu wathu, womwe ndi chuma, umasanduka chotsekera pakamwa tikafika kuntchito. Wamng'ono salankhula akulu ali pomwepo. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi mlangizi wa zaumoyo ndi amene amadziwa mudzi umene anthu ayamba kutsekula m'mimba, wosesa ndi amene waona kuti furiji ya katemera yazima usiku, mlonda ndi amene akudziwa khomo limene mankhwala amatulukira. Pachipata cha malire ngati cha Biriwiri, otolera msonkho a MRA, a zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi apolisi amayang'ana galimoto imodzi, aliyense akuona mbali yake. Mmodzi akasunga zimene waona chifukwa mnzakeyo ndi wa unduna wina, galimotoyo yadutsa ndi chinsinsi chake. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo bwana amene antchito ake amangoti "inde bwana" ndi nzeru zayekha ngakhale atakhala ndi antchito zana.

Nanga n'chiyani chimatseka pakamwa anthu ndi kufooketsa manja awo? Pali mwambi wina umene sutchulidwa kunyanja: andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha. Wantchito aliyense wa pansi amaudziwa mwambi uwu ngakhale sanaumvepo. Ofesi ikapanikizika, malipoti akuchedwa, oyendera ochokera ku likulu ali panjira, onse amakhala banja limodzi, mesenjala ndi dalaivala amaweruka usiku. Kukabwera msonkhano wa alawansi, mayina amakhala omwe aja, ndipo banja lija silimvekanso. Boma lakhala likuletsa kangapo misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama, koma vuto la misonkhanoyi si ndalama zokha. Ndi chimene otsala amaphunzira poona basi ikunyamuka. Mbiri yathu yatiphunzitsa kale kuopsa kotchula kuthandizana pomwe phindu likupita mbali imodzi. Eni minda ikuluikulu ya ku Shire Highlands anatenga mwambo wothandizana kulima n'kuusandutsa ntchito ya thangata, yogwira miyezi popanda malipiro ngati lendi ya malo amene munthu anabadwirapo. Mkwiyo wake unali pakati pa zimene zinadzutsa John Chilembwe pa 23 January 1915, ndipo mchitidwewo unathetsedwa mu 1962. Ku Ntcheu konkuno kunali malimidwe. Malamulo a atsamunda okumba migula ndi kukonza mizere yopingasa anali ndi nzeru zake, poti nthaka ya m'mapiri imakokolokadi, koma ankabwera ndi chindapusa ndi ndende, ochokera kwa anthu amene nthawi yomweyo ankakakamiza dziko kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953 Inkosi Gomani II, Philip Gomani wa ku Lizulu, anauza anthu ake kuti asatsate malamulowo. Boma linamuchotsa paufumu, ndipo anamwalira mu 1954. Anthu amene ankalima dima mosakakamizidwa ndi omwewo anakana kukumba migula yoteteza minda yawo yomwe. Sanali aulesi. Anakana kuitanidwa pa njoka pokha.

Wina anganene kuti ndikuyerekeza zinthu zosiyana. A ku Biriwiri amagwirizana chifukwa ndi pachibale, anakulira limodzi, amakumana kutchalitchi ndi kumaliro. Ofesi ya m'tauni imasonkhanitsa wa ku Karonga, wa ku Nsanje ndi wa ku Mchinji amene sanaonanepo, ndipo anthu otere amafunika kudyera limodzi kuti adziwane. Mfundoyi ili ndi mphamvu ndipo sindiikana. N'kovuta kuuza munthu kuti walakwitsa ngati sunasekepo naye, ndipo bwana amene waonedwa akugwa pamchenga saopsa kwambiri Lolemba. Ofesi imene imasonkha chipepeso mnzawo akaferedwa, n'kutumiza anthu kukagona pamaliro, yamanga chinthu chimene malipiro sangagule. Koma tisakokomeze mphamvu ya chibale. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angónia ndi Tsangano anawoloka msewu uja mwaunyinji, ndipo pofika 1992 Malawi inali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri sanatsekeredwe m'misasa ya mpanda. Anakhala m'midzi, pakati pa eni ake. Chibale ndi chinenero chimodzi zinatsegula khomo, koma mlendo wa zaka zisanu ndi zitatu sasungidwa ndi chibale chokha. Anthuwa ankalima nawo, ankachita nawo malonda, ankakumba nawo manda, ndipo pomwe kung'ung'udza kunabuka kunali pa kagawidwe: nkhuni zikutha, malo akuchepa, ufa wa chithandizo ukupita kwa olembedwa okha pamene mwini mudzi nayenso ali ndi njala. Ngakhale pakati pa abale, chimene chinagwira anthu ndi ntchito yogwirira limodzi, ndipo chimene chinawagwedeza ndi kagawidwe. Choncho phwando lisathe, koma libwere pamalo pake. Pa dima mowa unkatsatira makasu.

Chitsutso china n'chakuthwa kuposa ichi: gulu ndi pobisalira aulesi. Pansi pa denga wamtali ndi amene amamva kulemera, wamfupi angathe kungogwiriza ndi dzanja n'kumafuula nawo. Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, anayeza zimenezi ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1913: anthu akamachuluka pokoka chingwe, mphamvu ya aliyense imatsika. Wantchito wakhama amene wasenzapo anzake chaka chonse, kenako n'kumva bwana akuyamikira "tonse", ali ndi chifukwa chodana ndi mawu akuti gulu. Yankho lake makolo analipeza pa ndime: ntchito ikhale ya onse, koma gawo la aliyense lioneke, ndipo gulu likhale laling'ono mokwanira kuti anthu azionana. Makalabu a alimi anayenda pa mfundo imeneyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 alimi ankatenga feteleza ndi mbewu pangongole kudzera m'kalabu, lamulo lili lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse sidzalandira chaka chamawa. Kwa zaka zambiri ngongole zobwezedwa zinkapitirira 90 pa 100 iliyonse, chinthu chimene mayiko ena ankachidabwa. Tisabise kuti mantha a ulamuliro wa chipani chimodzi anali ndi gawo lake, ndi kuti alimi osaukitsitsa ankasiyidwa kunja poopa kuti agwetsa anzawo. Koma kugwa kwake n'kumene kumaphunzitsa. Chilala cha 1992 chitapha mbewu, ndale za referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinabweretsa mawu akuti ngongolezo siziyenera kubwezedwa. Wobweza anaona kuti wosabweza sizikumuchitikira kanthu, ndipo bungwe la SACA limene linkayendetsa ngongolezo linagwa, m'malo mwake n'kubwera Malawi Rural Finance Company. Alimi anali omwewo, midzi yomweyo, chibale chomwecho. Chinachoka ndi chitsimikizo chakuti wozemba adzaoneka ndipo adzamva kuwawa. Banki mkhonde zikuyenda lero m'midzi yambiri chifukwa bokosi limatsegulidwa onse akuona, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu osiyana.

Chitsutso chimene chimandivuta kwambiri ndi chakuti kugwirizana pakokha si chinthu chabwino. Akuba nawonso amagwirizana, ndipo kawirikawiri amagwirizana kuposa anthu olungama. Ku Hawthorne komwe kuja, ofufuza anapeza kagulu ka amuna olumikiza mawaya kamene kanapangana mlingo wa ntchito ya tsiku, ndipo wopitirira mlingowo ankanyozedwa ngakhale kumenyedwa pamkono. Kwathu kuno tinaona Cashgate mu 2013, pamene ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'boma m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri zolipira katundu ndi ntchito zimene sizinaperekedwe. Munthu mmodzi sakanatha. Panafunika wolowetsa mu kompyuta, wovomereza, wosaina cheke, wa kampani yolandira, ndi wofufuta zolembedwa. Aliyense anadziwa gawo lake, anakhulupirira mnzake, anasunga chinsinsi, ndipo anagawana. Malire aliwonse padziko lapansi amadziwanso mgwirizano wa mtundu umenewu, wa wozembetsa katundu ndi woyang'ana kumbali. Ndiye kodi pomanga gulu sitikumanga mpanda wobisira zoipa? Ngozi imeneyi ndi yeniyeni, ndipo ulendo wa kunyanja ungaikulitse, poti munthu amene mwamwera naye limodzi n'kovuta kumuneneza. Kusiyana kwake kuli pa funso lakuti ntchitoyo ikutumikira ndani, ndiponso ngati munthu angathe kunena kuti ayi n'kukhalabe wa m'gulumo. M'gulu la akuba wotsutsa ndi mdani. M'gulu la anamwino aja a Edmondson wotsutsa ndi amene amapulumutsa wodwala. Ofesi imene imayesa umodzi wake poona kuti palibe wokangana ikuyesa ndi muyeso wolakwika. Bata lotere limapezekanso pomwe onse adyapo.

Pa zonsezi boma ndi makampani angaphunzire kuti kumanga gulu ndi nkhani ya kakonzedwe ka ntchito, ndipo mbali yake yaikulu siifuna ndalama. Mu December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene maofesala a mayiko awiri amagwirira ntchito pamalo amodzi kuti galimoto iziima kamodzi m'malo mwa kawiri. Ganizo lake ndi lolondola chifukwa likuyambira pa ntchito: cholinga chimodzi chooneka, nthawi imene dalaivala wataya pamalire, ndipo onse akuyezedwa nacho. Nyumba yokongolayo payokha sidzagwirizanitsa anthu ngati nthambi iliyonse ipitiriza kusunga mapepala ake ndi kuyankha kwa bwana wake yekha ku likulu, koma njira yake ndi imeneyo, ndipo chipata chaching'ono ngati cha Biriwiri, sukulu ya pulayimale kapena chipatala cha kumudzi chingaitsate popanda kudikira nyumba yatsopano. Anthu akhale pansi sabata iliyonse, onse, mlonda ndi wosesa omwe, anene chimene chalakwika ndi chimene chikubwera. Aliyense adziwe ndime yake ndi ya mnzake. Maulendo ndi maphunziro aziyenda mozungulira, mndandanda wake upachikidwe pakhoma. Woulula cholakwa chake asakhale woyamba kulangidwa.

Inu a bwana amene pa tebulo panu pali pepala lopempha ndalama za ulendo wa ku Mangochi, musanasaine funsani kaye zinthu zochepa. Funsani ngati antchito anu angatchule, aliyense payekha, ntchito imodzi imene onse akuyezedwa nayo chaka chino. Itanitsani mayina a amene anapita kumisonkhano itatu yapitayi, muone ngati si omwewo. Kumbukirani tsiku lomaliza limene wantchito wa pansi anakutsutsani pagulu, ndi chimene chinamuchitikira pambuyo pake. Funsani ngati alonda ndi osesa alandira malipiro a mwezi watha. Mayankho akakhala abwino, pitani kunyanja, mukasambe, mukadye chambo, anthu anu akuyenera kupuma. Akakhala okuchititsani manyazi, basi ija isanyamuke, ndipo ndalamazo mulipire kaye alonda.